Chilembo Chimodzi cha Mai Otilia

Taganizirani m'mawa wamba pamsika waung'ono m'dera la Makhuwira. Dzuwa langotuluka kumene koma malaya ayamba kale kumata pamsana. A kabaza ayedzeka njinga zawo pansi pa mtengo wa nimu, amayi akuyala nsomba zowuma za makakana pamphasa, ndipo pakhonde la sitolo ina yotsekedwa kalekale pakumveka kugogoda kwa makina osokera. Amene akupalasa makinawo ndi Mai Otilia Alufazema, tepi ili m'khosi, choko chili kukhutu. Theka la ana a pasukulu ya pulayimale imene ndimaphunzitsa amavala yunifolomu yosokedwa ndi iwo, ndipo mungaizindikire msanga, chifukwa mpendero wake amaupinda kawiri kuti mwana akakula mudzangomasula.

Mai Otilia anabadwira kutsidya, ku Mozambiki. Anawoloka malire ali kumsana kwa mayi awo nthawi ya nkhondo, ndipo anakulira kwa Malemia ku Nsanje. Sukulu analekezera sitandade 4. Amawerenga pang'onopang'ono, chala chili pansi pa mzere, ndipo amalankhula Chisena ndi Chimang'anja mosinthasintha, nthawi zina m'chiganizo chimodzi. Kuno anabwera ndi ukwati. Amuna awo, a Sebastiano, ankadula nzimbe ku esiteti, ndipo atamwalira anawasiyira makina aja ndi mwana mmodzi yekha, Dorika.

Dorikayo ndinamuphunzitsa sitandade 7. Anali mwana wa mafunso ambiri, wosachedwa kuseka, ndipo ndi iye amene anakakamiza mayi ake kuti akhale ndi foni yamakono, kuti makasitomala azitumiza zithunzi za masitayilo. Anawaphunzitsa chinthu chimodzi chokha: kudina, kulankhula, n'kusiya kuti mawuwo apite. Zina zonse Mai Otilia sankazikhudza. Anali atamva kuti munthu ukadinadina zosadziwa, akuba amalowa m'foni n'kutenga dzina lako, choncho akangoona tsamba lachilendo ankaitembenuza foniyo chafufumimba pamakina mpaka Dorika abwere.

Kumayambiriro kwa mwezi wa Malichi chaka chimenecho, Dorika, ali ndi zaka 19, anapita kwa Malemia kukathandiza mayi ake aang'ono, a Magdalena, amene anali atangobereka kumene. Foni anaisiya kwa mayi ake, ndipo kumeneko ankalankhula nawo pa ya a Magdalena. Mvula inayamba Loweruka ndipo sinapume. Lolemba masana kunabwera mawu a Dorika, ofulumira, akumveka pamwamba pa kulira kwa khanda.

"Amayi, madzi alowa pabwalo. Tikunyamula katundu. Musadandaule, tikuthawira kumtunda."

Chakumapeto kwa mawuwo munkamveka mwamuna akukuwa chinachake m'Chisena, kenako zii. Mai Otilia anayankha nthawi yomweyo, koma mawu awo sanafike. Anatumiza ena madzulo, enanso m'mawa mwake. Onse anangokhala ndi kachizindikiro kamodzi kosonyeza kuti atuluka koma sanalandiridwe.

Kuno kwathu madzi anadula msewu m'malo awiri ndipo magetsi anazima. M'makalasi anayi a pasukulu yathu munkagona mabanja othawa madzi, ife tikuphunzitsira pansi pa mitengo. Nyumba ya Mai Otilia ili pokwera, choncho sinakhudzidwe. Ankabwerabe pakhonde lawo m'mawa uliwonse, n'kuvundukula makina, koma osapalasa. Aliyense wofika pamsika ankamufunsa ngati wamva za kwa Malemia, ndipo aliyense anali ndi yake nkhani. Wina ankati bwato linagubuduzika ndi anthu. Wina ankati anthu akhala m'mitengo masiku atatu. Panalibe amene anali atafikako.

Lachisanu m'mawa anapita kukatchajitsa foni kwa a Gershom, ometa tsitsi amene ali ndi sola padenga la kanyumba kawo. A Gershom ndi bambo wa nthabwala zosatha, ndipo Mai Otilia amawatcha alamu ngakhale palibe chibale.

"Mwacherwa tani, atelala? Makina aja mwawagulitsa? Masiku ano tikumeta opanda nyimbo."

"Nkhabe mphamvu, alamu," anayankha m'Chisena, kutanthauza kuti alibe mphamvu. "Ingotchajani."

Ali pomwepo, wailesi inalengeza kuti bungwe lina lothandiza anthu laika mayina a onse amene afika m'misasa ya ku Nsanje pa tsamba lake la pa intaneti. Woulutsa anatchula adiresi ya tsambalo kawiri, mothamanga. Mai Otilia anasolola choko kukhutu n'kulemba pa chidutswa cha nsalu chimene chinali m'thumba mwawo. Mawu oyamba anali osavuta, chigwa. Achiwiri anali mawu amene aliyense kuno amawadziwa kuyambira ali mwana, chifukwa timati chimanga cha lilifu, mabulangete a lilifu. Analemba momwe amawatchulira.

A Gershom anasuzumira nsaluyo n'kuseka.

"Lilifu! Mukuyesa intaneti ndi ya kwa Malemia? Amenewo ndi mawu a Chingerezi, mayi. Bweretsani kuno, ine ndinafika fomu 2."

Anafufuta ndi chala n'kulemba lelief, n'kuwonjezera kadontho ndi zilembo zomaliza zimene woulutsa anatchula.

Masiku amenewo netiweki inkapezeka malo amodzi okha, pamwamba pa chulu chachikulu chimene chili pakati pa msika ndi sukulu. Foni itadzaza pang'ono, awiriwo anakwera pachulupo. A Gershom anatsegula intaneti n'kulemba mawu aja motalikanitsa, chigwa payekha, enawo payekha. Foni inamva ngati akuifunsa funso, ndipo inabweretsa zonse zimene inali nazo zokhudza chigwa ndi madzi: zithunzi za nyumba zongotsala madenga, ng'ombe zotupa zitatsakamira m'mabango, ndi anthu atanyamula chinthu chokulungidwa mumphasa. Mai Otilia anagwira mkono wa a Gershom mwamphamvu.

"Chotsani! Alamu, chotsani zimenezo!"

"Pepani, pepani. Ndaiwala, adiresi safuna mipata."

Analembanso mawu onse molumikiza. Foni inaganiza kanthawi, kenako inaonetsa tsamba loyera lokhala ndi mzere umodzi wa Chingerezi: This site can't be reached.

"Akuti chiyani?"

A Gershom anawerenga kawiri, milomo ikuyenda. Nthabwala zinawathera. Kuno aliyense anamvapo antchito a mabungwe akutchula msasa kuti saiti. Amati saiti ya kusukulu, saiti ya kutchalitchi.

"Akuti saitiyo siyikufikika."

"Msasawo?"

"Ndi momwe alembera. Akuti malowo sangafikike."

Ine ndinali ndi ana anga a sitandade 7 pansi pa mtengo wa masawu, chapafupi ndi chuluchi. Ndinaona mayi akutsika chulu chokhala pansi, n'kukhala m'fumbi, chitenje atafunda kumutu. Sankalira. Ankangogwedezeka uku ndi uku. Ndinawapatsa ana ntchito yolemba n'kupita.

"Amake Dorika, kwagwanji?"

"A Madamu, msasa wapita. Kumene anathawira kuja madzi afikanso. Foni yanena."

A Gershom anandipatsa foniyo osandiyang'ana. Ndinawerenga mzere uja, kenako ndinayang'ana pamwamba penipeni pa galasi, pa kabokosi koyera kotalika kamene timalembamo adiresi. Ndinakhala pansi pambali pawo.

"Amake Dorika, vundukulani kaye mundimve. Foni iyi sidziwa kanthu za msasa. Sidziwa ngakhale kuti kunja kuno kwagwa mvula. Saiti imene ikunena pano ndi tsamba, osati malo ogona anthu. Ikunena kuti adiresi imene yapatsidwa kulibe."

"Kulibe bwanji, pamene wailesi yanena?"

"Mukalemba kalata, pa envelopu n'kulakwitsa nambala imodzi ya bokosi, imafika?"

"Nkhabe."

"Kabokosi ka pamwambaka ndiye envelopuyo. Mukaika mipata, foni imayesa mukufunsa, ndiye imakuuzani zonse zimene yamva, ngati anthu a pamsika. Mukalemba molumikiza, imapita pakhomo limodzi lokha. Koma chilembo chimodzi chikaphonya, imabwerera chimanjamanja."

Ndinawaonetsa nsalu ija n'kukonzapo chilembo cholakwikacho ndi choko chawo. Mawuwo amayamba ndi r, osati l. Ife pakamwa zilembo ziwirizi ndi chimodzi. Wina amati Shire, wina Shile, ndipo bwato limawolotsa onse awiri. Chaka chilichonse ndimalemba mawu omwewa pabolodi, ndipo chaka chilichonse theka la kalasi limawatembenuza. Kunena zoona, inenso ndinayamba ndawatchula mumtima kawiri ndisanakhudze choko.

"Aa, r ndi l yemweyo?" anatero a Gershom, akukanda kumutu. "Azungu nawonso, kuchulukitsa zilembo."

"Fomu 2 yanuyo, alamu," anatero Mai Otilia pansi pa chitenje, "munaipita usiku?"

Ndinafuna kuwalembera ine, koma anakana. Anati ine ndili ndi ana oti ndiphunzitse, a Gershom ali ndi mitu yoti amete, ndipo iwo sangamadikire munthu nthawi iliyonse imene mtima wawawawa. Tinakweranso chulu. Ndinawauza kuti adine kabokosi ka pamwamba kaja. Chala chawo chinaima m'malere nthawi yaitali. Ndi chala chimene chimalowetsa ulusi m'singano osayang'ana, koma tsiku limenelo chinkadina zilembo ziwiri nthawi imodzi.

Atangolemba zilembo zitatu zoyamba, foni inatulutsa adiresi yonse pansi pa kabokosiko, ngati ikuwathandiza. Anasangalala n'kuidina ndisanalankhule. Tsamba loyera lija linabweranso, ndi mzere wake womwe uja.

Anapuma mokoka ngati munthu wolasidwa. Batire inali itafika pofiira. Ndinatsegula pakamwa, koma iwo anakweza dzanja kundiletsa. Anayandikitsa foni kumaso, chala pansi pa kabokosi, n'kuyamba kuwerenga chilembo chimodzichimodzi, kwinaku akuyang'ana pansalu.

"Iyi ndi ya alamu ija. Yasunga yolakwika ija."

"Eya. Imakumbukira zonse zimene inalembedwapo, zabwino ndi zoipa zomwe."

"Ndiye ndi yopusa."

Anafufuta zonse. Analemba okha kuyambira poyamba, osalola foni kuwamalizira, ndipo asanadine kuti ipite anawerenganso kawiri. Galasi linayera. Kamzere kabuluu kanayamba kukwawa pamwamba, n'kuima pakati. Kenako tsamba linatseguka, ndipo panali mayina.

Panali mindandanda iwiri. Woyamba unali wa anthu amene afika m'misasa. Wachiwiri unali pansi pake, wosatsegula, ndipo mutu wake, wonena za omwalira, ndinauwerenga mumtima mokha. Mai Otilia anandiyang'ana nkhope n'kudziwa.

"Umenewo sinditsegula."

Mndandanda woyamba unali wautali kwambiri, woyalidwa potsata zilembo za mayina a bambo. Pofuna kuwapulumutsira batire, ndinawaphunzitsa mwadongosolo monga ndimachitira m'kalasi. Ndinati Alufazema ali pa A, ndipo pa A pomwepo ali pamene pali Al, choncho palibe chifukwa chowerengera ena onse. Tinapeza Alberto, Alfandika, Alimoyo, Alufandika atatu. Alufazema panalibe. Tinayang'ananso dzina la amuna awo a Magdalena, osalipeza. Foni inazima ili m'manja mwawo.

Pamwamba pa tsambalo panali polembedwa kuti mayina amawonjezeredwa m'mawa uliwonse. Loweruka ndinawaona kuchokera pakhomo la nyumba yanga ya pasukulu, ali okha pamwamba pa chulu dzuwa lisanatenthe, nsalu ija ili pabondo. Anakhalapo kanthawi n'kutsika osayang'ana kumbali. Lamulungu anabwera asanapite kutchalitchi, atavala zoyera za chigwirizano, ndipo anatsikanso chimodzimodzi. Madzulo ake ndinawapeza pakhonde lawo atakhala pafupi ndi makina ovundikira.

"Mwadya, amake Dorika?"

"Chakudya chikukana, a Madamu. Pa Al pawonjezekera anthu asanu ndi awiri. Ndikuwadziwa onse pamtima. Mndandanda wachiwiri uja umandiyang'ana. Ndikamatsitsa mayina, chala chimapita chokha kufupi nawo. Mawa ndikapanda kumupeza, nditsegula."

Ndinaganiza za Dorika, mtsikana amene ankakhala kutsogolo kumanzere m'kalasi mwanga, wokweza dzanja funso lisanathe, ndipo ndinachita mantha ndi Lolemba.

Lolemba ndinali pakati pa phunziro la masamu pamene ndinawaona akukwera chulu. Ndinapitiriza kulankhula koma maso anali kumeneko. Anakhala nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kenako anaimirira, n'kukhalanso pansi, ndipo ndinamva mawu awo akudutsa bwalo lonse.

"A Madamu! A Madamu, bwerani!"

Sindinadziwe ngati kunali kukuwa kwa maliro. Ndinathamangira kuchulu. Ndinawapeza atagwira foni ndi manja awiri, misozi ikugwera pagalasi, akuipukuta ndi chigongono kuti mayina asasowe.

"Werengani inu. Maso anga angandinamize."

Sanali pa Al. Mai Otilia anali atatsika mpaka pa Ar. Pamenepo panalembedwa kuti Arufazema, Dolika, wamkazi, zaka 19, pamsasa wa pasukulu ina ya kumtunda. Pambali panali tsiku limene analembedwa. Linali Lachinayi. Dzinalo linalipo kale tsiku loyamba lija, mizere makumi angapo pansi pa pamene ine ndinawauza kuti alekezere.

"Ndi iyeyo," ndinatero. "Amake Dorika, ndi iyeyo. Mwaganiza bwanji zotsika kuno?"

"Ndinali nditaika kale chala pa wachiwiri uja," anatero, akupuma movutika. "Ndiye ndinati, dikira Otilia. Alamu anafika fomu 2 koma anasokoneza. Nanga wolemba mayina kumsasako ndi mzungu? Si mwana wa konkuno? Mwana wanga wanena dzina lake, iye walemba momwe wamvera."

Ndi nzeru yomweyo anafufuza dzina la a Magdalena, kulitembenuza, ndipo analipeza, ndi mawu akuti ndi khanda pambali pake. A Gershom anafika akuthamanga, makina ometera ali m'manja, kasitomala atamusiya ndi theka la mutu.

"Wapezeka? Atelala, wapezeka?"

"Wapezeka, alamu. Wolemba wake ndi m'bale wanu, munaphunzira kalasi imodzi."

Dorika anafika patapita milungu iwiri, mbali ina pabwato, mbali ina pakabaza, atavala diresi la eni ake komanso atawonda. Nyumba ya a Magdalena inapita ndi madzi, pamodzi ndi foni imene ankalankhulira. Iye, a Magdalena ndi khanda lija anakhala masiku awiri pamwamba pa nkhokwe ya anthu ena opulumutsa asanawatenge. Zambiri za masiku awiriwo sanafotokoze, ndipo mayi ake sanamukakamize.

Koma Dorika asanafike n'komwe, nkhani inali itamveka kale pamsika. Anthu amene anali ndi abale kumunsi anayamba kufika pakhonde paja, ena ochokera m'makalasi a pasukulu yathu, ena ochokera m'midzi ya kutali. Mai Otilia ankawakhazika pabenchi la makasitomala. Dzina lililonse ankalilemba ndi choko pansalu, kenako n'kulilembanso pansi pake atasintha l kukhala r, r kukhala l, ndipo likakhala la Chipwitikizi ankalilembanso kachitatu momwe Mmang'anja angalimvere. Akasonkhanitsa mayina angapo ankakwera chulu.

Bambo wina anabwera ndi uthenga umene unkazungulira m'mafoni, wonena kuti dinani apa muone mndandanda watsopano. Atadina, tsamba lake linkaoneka ngati lenileni, koma linkafuna nambala ya chitupa ndi nambala yachinsinsi ya foni. Mai Otilia sanayang'ane zithunzi zake. Anayang'ana kabokosi ka pamwamba, chala pansi pake, n'kubweza foniyo.

"Baba, khomo ili si lomwe lija. Tsekani. Tikalemba tokha."

Si onse amene anapezeka. Amayi awiri anawapempha kuti atsegule mndandanda wachiwiri uja, ndipo anautsegula, atakhala nawo pansi pachulu, n'kuwaperekeza kwawo. Makina anayambanso kugogoda mwezi wotsatira, yunifolomu zitachuluka chifukwa ana ambiri zawo zinapita ndi madzi. Pofika nthawi imene bungwe lija linatseka misasa, Mai Otilia Alufazema anali atapeza mayina a anthu makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi ali moyo, ndipo khumi ndi mmodzi mwa iwo anali olembedwa molakwika.